Ephraim ndi Miyendo ya Ndege ya Mnzake

Tsiku limene ndege ya Sufiyan inagwada pa dambo la kwa Chulu, anthu sanaiyang'ane nthawi yaitali. Onse anatembenukira kwa Ephraim, chifukwa ndiye amene anaiwotcherera miyendo.

Kandegeko kanali kakang'ono, ka mipando iwiri. Tsikulo sikanayenere kuuluka ayi. Sufiyan ankangofuna kukathamangitsa pansi kuti aone mmene miyendo yatsopano ikuchitira. Katakoka liwiro, tayala linagunda mzere wakale wa fodya umene unabisala m'maudzu. Ndege yonse inadumpha ngati mbuzi yodzidzimuka, n'kugwa mwamphamvu. Miyendo ija sinapindike ngakhale pang'ono, koma inang'amba mimba ya ndegeyo pamene inamangidwira. Chopukusa mphepo cha kutsogolo chinasanduka nkhuni, ndipo Sufiyan anatuluka magazi ali chuchuchu pachipumi.

"Wachita dala!" wina anakuwa m'gulumo.

Mayi Hasina, mayi ake a Sufiyan, amene ali ndi shopu yaikulu pa msika wa kwa Chulu, anafika pamene panaima Ephraim mpango uli pambali.

"Iwe Ephraim, mwana wanga anakulakwira chiyani? Nsanje yakoyo yafika pofuna kundiphera mwana?"



Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima ukukuwawani chifukwa mnzanu wakusiyani m'mbuyo, khalani bwino ndikuuzeni za munthu ameneyu. Sindikunamizani kuti anali mngelo. Ephraim anali wansanje, ndipo ngakhale ogulitsa tomato pamsika ankadziwa zimenezi.

Iye anabwera ku Kasungu ali wamng'ono, pa lole yotenga matenanti kuchokera ku Phalombe. Makolo ake analima fodya pa esiteti mpaka matenda anawatenga onse awiri, iye n'kutsala m'manja mwa matenanti anzawo. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya, kusukulu ankangomva dzina lake. Mayeso a Sitandade 8 anamugwetsa, atabwereza anamugwetsanso.

Koma pa luso la manja panalibe womuposa. Ana ena akamapanga magalimoto a mawaya, iye ankapanga ndege, ndipo Sufiyan, mnzake wa pa desiki, ankamulondola paliponse kupempha kuti agwireko. Kenaka njira zawo zinasiyana. Sufiyan anapita ku sekondale, kuchoka kumeneko ulendo wa ku Joni, kumene anapeza ntchito pa malo olumikiza tindege ting'onoting'ono, n'kuphunziranso kutiyendetsa. Ephraim anatsala kwa Chulu, anaphunzira kuwotcherera, nayamba kupanga ngolo. Ngolo zake zinatchuka, chifukwa zinkanyamula mabelo a fodya chaka ndi chaka osathyoka.

Ndiye tangoganizani tsiku limene Sufiyan anabwerera kumudzi ndi injini ndi mabokosi a zipangizo, nayamba kulumikiza ndege yeniyeni kuseri kwa shopu ya mayi ake. Anthu ankachokera kutali pa njinga kudzasuzumira pampanda. Ephraim akamadutsa ankayang'ana kumbali ngati pali maliro a mdani.

"Ndege ija waiona?" anthu ankamufunsa.

"Khola la nkhuku lija? Ndaliona," iye ankayankha.

Mumtima mwake munali moto. Maloto a ndege anali ake, ndipo ankaona ngati mnzakeyo wamubera masanasana.

Tsono matayala amene anabwera m'mabokosi aja anali aang'ono ngati mbale, oyenera bwalo la phula. Kwa Chulu phula ulipeza kuti? Kuli madambo, ziputu ndi mizere yakale. Ndegeyo inkafunika miyendo italiitali ndi matayala aakulu, ndipo Sufiyan anapita kwa mmisiri amene ankamukhulupirira. Anamuyalira pepala pamene anajambula mapaipi opyapyala okhala ndi mahinjesi, omangidwa ndi zingwe za mphira.

"Zingwezi kuno kulibe, koma tiganizire limodzi chochita," anatero Sufiyan.

Ephraim analiyang'ana pepalalo ndi diso limodzi. Mumtima anati, ine ndiphunzitsidwe zitsulo ndi mwana wa m'shopu, woti anakula akuyeza shuga?

"Siya pompo," anayankha. "Miyendo ya ngolo zanga sinagwadepo. Kandege kako kangalemere kuposa mabelo?"

Anapanga miyendo ija mmene ankapangira ngolo: zitsulo zokhuthala, zowotcherera nganganga, zosagwedezeka. Sufiyan anadandaula kuti zalemera, koma dzinja linali pafupi ndipo ankafulumira, choncho anaziika. Zotsatira zake ndi zija ndakuuzani.

Kuyambira tsiku la ngozilo, pa shedi ya Ephraim panati zii. Alimi anayamba kutengera ngolo zawo kwina. Mayi wina amene anasiya wilibala kuti aikonze anatuma mwamuna wake kudzaitenga isanakonzedwe. Dzina loti Ephraim linaiwalika, anthu n'kumangoti "wansanje uja". Wowotcherera wopanda dzina labwino ndi munthu wakufa, chifukwa palibe amene angakweze banja lake pa ngolo ya munthu womukayikira.

Tsiku lina mmawa, Ephraim anauza mkazi wake Feliya kuti amange katundu abwerere ku Phalombe.

Feliya anaika tsache pansi. "Bambo a Favour, tikathawa ndiye kuti mwavomera mlandu. Tandiuzani ine mkazi wanu, munachita dala?"

"Ayi, Mulungu akundiona."

"Ndakumvani. Nanga itagwa ndege ija, mtima wanu unamva bwanji?"

Ephraim anayang'ana pansi. "Ndisanaone magazi aja, unakondwa pang'ono."

"Nanga pepala lija munaliwerenga?"

"Sindinaliwerenge."

"Basi, simunafune kumupha, koma nsanje inakutsekani m'makutu. Ku Phalombe nsanjeyo mupita nayo, siitsala pano. Pitani mukafunse zimene munakana kumva."

Mawu amenewa anamuwawa kuposa a mayi Hasina, chifukwa anali oona. Anayenda uku ndi uku masiku angapo, akumayamba ulendo wa ku shopu n'kubwerera panjira. Pomaliza anafika. Mayi Hasina atangomuona anatenga mtengo wotsekera chitseko.

"Wabwera kudzamaliza?"

"Odi mayi, ndabwera kudzaonana ndi Sufiyan."

Sufiyan anatulukira kuseri, chipsera chili pachipumi, manja ali bii ndi girisi. Anayang'anana anthu awiriwo.

"Aise," anatero Ephraim, "ndifotokozere pepala lija. Sindinalimve."

Pa moyo wake wonse, Ephraim sananyamulepo chitsulo cholemera ngati mawu amenewo.

Sufiyan sanamuseke. Anakhala naye pansi pa phiko la ndege n'kumufotokozera. Ngolo imayenda pang'onopang'ono, ndiye kulimba kokha kumaikwanira. Ndege imafika pansi ndi liwiro, ndipo nkhonya ya nthaka iyenera kumezedwa ndi miyendo. Miyendo ikakana kugonja, nkhonyayo imakwera n'kukaswa mimba ya ndege ndi msana wa munthu. Mahinjesi aja anali oti miyendo izitambasuka, mphira n'kumaibweza.

"Ndamva," anatero Ephraim. "Ndilole ndiyesenso."

"Yesa," anayankha Sufiyan. "Koma sindikukulonjeza kuti ndidzaiika pa ndege yanga. Amayi sakufuna n'komwe kumva dzina lako."

Mapaipi ndi mahinjesi sizinamuvute Ephraim. Matayala anawapeza pa esiteti pamene anakulira, pa njinga yamoto ya mawilo anayi imene inafa kalekale, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Anali matayala otupa, ofewa, oti ukawapopa pang'ono amameza chiputu osadandaula. Chinamuimitsa mutu ndi zingwe za mphira zija. Kuitanitsa kunja kukanatenga nthawi mpaka mvula itagwa, dambo n'kusanduka matope.

Anayesa masipuling'i a galimoto, analemera. Anayesa a njinga yamoto, anathyoka. Anthu odutsa pa shedi ankagwirana m'mapewa n'kumaseka.

"Wansanje uja wayambanso. Ulendo uno afuna aphe ndani?"

Yankho analipeza pa msewu, masana dzuwa likuswa mtengo. Tenanti wina ankatsika chitunda pa njinga atanyamula belo la fodya, ndipo tayala linagwera m'dzenje. Belo lija linanyamuka, n'kubwerera pa keliyala bwinobwino ngati palibe chachitika. Linali lomangidwa ndi malegeni, mphira zija timadula ku machubu akale. Ephraim anaima kukamwa kuli yasa. Kuyambira ali mwana ankadziwa kuti katundu wa panjinga samanga ndi chingwe cha khonje, chifukwa chimaduka pa dzenje loyamba. Chinthu chimene ankachifuna kunja chinali pa njinga iliyonse ya kwa Chulu.

Anatola machubu akale a lole, anawadula, n'kukulunga pamene miyendo iwiriyo imakumana. Atangoponda kuti ayese, malegeni aja, oti anaphikidwa ndi dzuwa zaka zambiri, anaduka n'kumukwapula pakamwa. Mlomo unatupa ngati mbatata, ndipo pamsika nkhani inali yoti Mulungu wayamba kumulanga. Feliya anamuthowa ndi madzi otentha akudziletsa kuseka.

"Kanthu n'khama, bambo a Favour, koma ulendo wina muzichotsako nkhope."

Anasiya machubu akale n'kufunafuna atsopano. Koma funso linatsala: akulunge kangati? Kulumpha pamwamba pake sikukanamuuza kanthu, chifukwa munthu mmodzi salemera ngati ndege ikutera. Apa ndi pamene anakumbukira jeke yodindira mabelo a fodya.

Anapitanso ku esiteti kwa a Tsoka, tenanti wachikulire amene anabwera pa lole imodzi ndi bambo ake.

"Jeke ilipo, fodya tinamaliza kudinda," anatero a Tsoka. "Koma mwana wanga, zimene akunena anthuzi n'zoona?"

"Zoti ndine wansanje n'zoona, bambo. Zoti ndinachita dala n'zabodza."

A Tsoka anaseka mpaka kutsokomola. "Wayankha ngati bambo ako. Lowa m'chigafa cha fodyamo, jeke ili momwemo."

Ephraim anatumiza uthenga kwa Sufiyan kuti abwere, chifukwa ndiye ankadziwa kulemera kwa ndege ndi mphamvu imene imagunda nayo pansi. Anaika miyendo ija pansi pa jeke, sikelo yoyezera fodya pansi pa tayala, Ephraim n'kumapukusa pamene Sufiyan ankawerenga. Malegeni akachepa, miyendo inkatambasuka mpaka pansi ngati mwana wa ng'ombe pa matope. Akachuluka, inkauma ngati ya ngolo ija. Ankawonjezera, n'kuchotsa, n'kuwonjezeranso, tsiku ndi tsiku, mpaka zikhatho za Ephraim zinachita matuza.

Musaganize kuti nsanje inali itamusiya. Matenanti ankabwera kudzaonerera, ndipo maso awo onse ankakhala pa Sufiyan akamawerengera pa foni yake.

"Sukulu ndi yabwino, anthuni," ankatero. "Taonani mwana wa mayi Hasina."

Thukuta linali la Ephraim, matamando a Sufiyan. Kangapo konse anafuna kuponya sipanala pansi n'kumapita. Koma ulendo uno nsanje ikamuluma ankakukuta mano n'kufunsa funso lina.

Tsiku lina jeke inadinda mpaka pamene Sufiyan ankafuna, miyendo inatambasuka bwino, ndipo atamasula inabwerera yokha mwakachetechete. Anabwereza, inachitanso chimodzimodzi. Sufiyan anaigwiragwira, anayang'ana mowotcherera monse, kenaka anapumira m'mwamba.

"Mawa ubwere nayo kuseri kwa shopu. Udzalowere ku mpanda, amayi asakuone."

Anaimanga pa ndege ndi mabawuti, mimba yake itakonzedwa kale ndi mwini wake, kutsogolo kuli chopukusa mphepo chatsopano. Anainyamula ndi tcheni pa mtengo wa mango n'kuigwetsa dala, ndipo inangonjanja pang'ono n'kukhazikika. Akuluakulu oona za ndege anabwera, anaiyendera mbali zonse, n'kulola kuti iyesedwe pa dambo lomwe lija.

Mmawa wa tsiku loyesa, mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana cha kumadzulo. Anthu anadzaza m'mphepete mwa dambo, ena kudzaona ndege ikuuluka, ambiri kudzaona ikugwa. Pa mpando wachiwiri Sufiyan anamangirirapo thumba la mchenga kuti ndege ilemere mofanana.

Asanalize injini, mayi Hasina anatulukira m'gulumo. Anayang'ana malegeni aja, anayang'ana Ephraim, n'kukaima kutsogolo kwa ndege.

"Ndiye mwandibisira? Sufiyan, ukwera pa mphira za njinga zomangidwa ndi mdani wako? Ukafuna kunyamuka uyambe wandiponda ine."

"Amayi, taziyesa bwinobwino."

"Mwayesa zitsulo. Mtima wakewo mwauyesa ndi chiyani?"

Gulu lonse linang'ung'udza kuvomereza. Ephraim anaona kuti jeke ndi sikelo sizingayankhe funso limenelo. Ndege ikanapanda kunyamuka tsikulo, iye akanakhalabe wansanje uja mpaka kumanda. Anayenda pang'onopang'ono kupita ku chitseko cha ndege, anamasula thumba la mchenga n'kuligwetsa pansi.

"Mayi, ngati ndaikapo chiwembu, tikafere limodzi. Ndikhala pamene panali thumbali."

Sufiyan anamugwira mkono.

"Aise, sunakwerepo ndege chibadwire."

"Ngakhale thumbali silinakwerepo."

Ephraim anayang'ana kumene kunaima Feliya. Mayiyo anali atagwira pakamwa ndi chitenje, misozi ili mbwembwembwe, koma anagwedeza mutu kuvomera. Mayi Hasina anamuyang'anitsitsa Ephraim kwa kanthawi, kenaka anapatuka.

Injini inalira, ndege inathamanga, matayala akumeza ziputu, ndipo mwadzidzidzi phokoso la pansi linatha. Ephraim anatseka maso n'kuyamba pemphero lililonse limene analikumbukira. Atawatsegula anaona manja a Sufiyan akuwongolera ndodo modekha ngati munthu wopalasa njinga. Ndikuuzeni zoona, ngakhale kumwambako, mantha atamugwira chotero, kansanje kanamutsinabe.

"Gwira bwino," Sufiyan anakuwa. "Tikutsika. Tsopano ntchito ndi yako."

Dambo linabwera mwaliwiro loopsa. Matayala anagunda pansi, ndipo Ephraim anamva miyendo ikutambasuka pansi pa mpando wake. Anadikira kumva chitsulo chikung'ambika. Sichinang'ambike. Malegeni anakoka, ndege inakhazikika, tayala linakwera mzere wakale n'kutsika, linakwera wina n'kutsikanso, mpaka anaima pakati pa fumbi.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Anthu anathamanga, anamutulutsa Sufiyan n'kumunyamula m'mwamba akuimba dzina lake. Ephraim anatsika yekha mbali inayo n'kukhala pansi m'fumbi pafupi ndi tayala. Palibe anamunyamula. Anamva nyimbo ija ikupita kutali, ndipo mtima unamuwawa monga kale.

Kenaka anaona mapazi ataima patsogolo pake. Anali mayi Hasina. Sanapite kukakumbatira mwana wawo. Anakweza dzanja mpaka oimba aja anakhala chete.

"Tamverani nonse! Munthu uyu ndinamunyoza pagulu, ndiye ndimupepesa pagulu. Ephraim, mwana wanga, sunachite dala. Ndikhululukire. Ndipo wina ndikadzamumva akukutchulanso dzina loipa lija, asadzapondenso pa shopu panga."

Ephraim anabisa nkhope m'manja n'kulira ngati mwana.

Lero pa shedi yake ngolo zimachita kudikirana, ndipo akuphunzitsa ntchito ana a matenanti amene sukulu inawakanika ngati iye. Anzake a Sufiyan okhala ndi tindege tawo amutumizira kale mapepala, ndipo amawawerenga mpaka kumapeto asanagwire chitsulo. Kuyendetsa ndege sanaphunzirebe. Ikamadutsa pamwamba pa msika anthu n'kumakuwa dzina la Sufiyan, amavomera yekha kuti kumtima kumamulasabe pang'ono.

Ndiye inu amene mnzanu wauluka mukadali pansi, sindikuuzani kuti nsanje siidzakugwirani, chifukwa ndinu munthu. Koma musailole ikutsekeni m'makutu, ndipo mukagwa pamaso pa anthu musamange katundu. Pitani kwa amene wakuposaniyo, mumeze malovu, mumufunse zimene simukuzidziwa. Dzina likagwa m'fumbi limatoleka, bola mwini wake asataye mtima.